A Müller si a mfunda umodzi: dzina lochokera kuchigayo ndi anthu amene adziwika nalo

Kwathu kuno anthu awiri akapezana kuti onse ndi a Phiri kapena a Banda, amayamba kufunsana za kumudzi ndi za makolo, chifukwa mfunda umaloza ku mtundu, ngakhale chibalecho chikhale chakutali. Maganizo amenewa amasocheretsa tikafika pa mayina a Ajeremani. Okonda mpira ambiri amaganiza kuti Thomas Müller ndi mwana kapena mdzukulu wa Gerd Müller, poti onse anasewera ku Bayern Munich, onse ndi a chigawo cha Bavaria, ndipo onse anavala nambala 13 pa mpikisano wa chikho cha dziko lonse. Palibe chibale pakati pawo. Dzina la Müller limangonena kuti zaka mazana angapo zapitazo kholo lina la munthuyo linkagwira ntchito pachigayo, ndipo zigayo zinali mbwee m'dziko lonselo.

Katchulidwe kake kayambe kaye. Timadontho tiwiri pamwamba pa u timasintha liwu: milomo muizungulize ngati mukunena u, koma lilime likhale pamene limakhala mukamanena i. Zilembo zomaliza, er, zimamveka ngati a wamfupi. Oulutsa mpira akamati Mula amakhala ayandikira, kungoti liwu loyambalo alisiya panjira.

Chifukwa chake dzinali linachuluka

Mpaka zaka za m'ma 1100, Mjeremani wamba ankakhala ndi dzina limodzi lokha. Mizinda itayamba kukula, ndipo msonkho, ngongole ndi malo zitayamba kulembedwa m'mabuku, panabuka vuto: mayina obatizidwa nawo anali ochepa, moti mumsewu umodzi munkapezeka a Hans, a Heinrich ndi a Konrad ambirimbiri. Mlembi ankawonjezera mawu osiyanitsa, monga dzina la bambo, mudzi, maonekedwe kapena ntchito. M'kupita kwa nthawi mawu owonjezerawo anayamba kutsikira kwa ana, ngakhale mwanayo asatsate ntchito ya bambo ake. Izi zinayambira m'mizinda ya kumwera ndi kumadzulo, n'kufika kumidzi ndi kumpoto mochedwa. Pambuyo pake maboma analetsa kusintha dzina mwachisawawa: Bavaria mu 1677, Prussia mu 1794.

Mayina amene ali patsogolo ku Germany ndi a ntchito okhaokha: Müller wogaya, Schmidt wosula zitsulo, Schneider telala, Fischer msodzi, Weber woomba nsalu, Wagner wokhoma ngolo, Becker wophika buledi. Müller ndiye woyamba ku Germany ndi ku Switzerland komwe. Pali mfundo ina imene akatswiri a mayina amakumbutsa: mukaphatikiza Schmidt, Schmitt, Schmid ndi Schmitz, osula zitsulo amaposa ogaya. Müller amapambana chifukwa kalembedwe kake sikanamwazikane kwambiri, ngakhale kumpoto kuli Möller, kumwera kuli Miller, ndipo ophunzira ena akale ankalitembenuzira m'Chilatini n'kukhala Molitor. Muzu wake ndi mawu a Chilatini oti molinarius.

Chigayo chenichenicho chinali cha madzi. Mtsinje unkazungulitsa gudumu lalikulu lamatabwa, gudumulo n'kuyendetsa miyala iwiri yobulungira, ngati mphero ziwiri zosanjikizana: wapansi wokhazikika, wapamwamba wozungulira. Tirigu kapena mbewu yotchedwa rye inkalowa pabowo la pakati, ufa n'kutulukira m'mbali motsata timizere tosemedwa pamiyalayo. Timizereto tikafufutika, ufa unkatuluka wotentha ndi wamiseche, ndiye wogaya ankayenera kunyamula mwala wapamwamba n'kuusemanso. Miyala ikazungulira popanda mbewu inkathetheka moto, ndipo fumbi la ufa limayaka msanga, n'chifukwa chake zigayo zinkapsa kawirikawiri. Wogaya anali mmisiri wa matabwa, wa miyala ndi wa madzi nthawi imodzi.

Lamulo ndi limene linachulukitsa ogaya. M'madera ambiri chigayo chinali cha mwini malo, kaya mfumu kaya nyumba ya amonke, ndipo alimi onse a m'deralo ankakakamizidwa kugayitsa pachigayo chimenecho basi. Wogaya ankachita kubwereka chigayocho, ndipo malipiro ake sanali ndalama: ankatapa gawo la mbewu, nthawi zambiri gawo limodzi mwa magawo 16. Mlimi sankatha kupita kwina ngakhale akayikire muyeso, ndiye mbiri yoti ogaya ndi akuba inafala. M'mizinda ina ana a ogaya ankakanidwa kulowa m'mabungwe a amisiri, mpaka malamulo a ufumu a mu 1548 ndi 1577 ananena kuti ntchitoyi ndi yolemekezeka ngati zina zonse. Kukakamiza kugayitsa malo amodzi kunathetsedwa ku Prussia mu 1810. Mzere wa pachigayo unalowa ngakhale m'buku la malamulo la m'zaka za m'ma 1200 lotchedwa Sachsenspiegel, mmene muli mfundo yoti wofika poyamba agaye poyamba, ndipo Ajeremani amainenabe ngati mwambi. Aliyense amene anaikapo thumba lake pamzere wa kuchigayo m'mamawa akuidziwa mfundo imeneyi.

Choncho mudzi uliwonse wa m'mbali mwa mtsinje unali ndi Müller wakewake, ndipo mabanja masauzande osadziwana anatenga dzina limodzi. Lero Mjeremani akafuna kunena za mayi wamba amati Lieschen Müller.

Amene anasiya dzinali m'mabuku a sayansi

Wakale kwambiri mwa odziwika ndi Johannes Müller wa ku Königsberg, wobadwa mu 1436, amene mabuku amamutcha Regiomontanus. Anali katswiri wa masamu ndi nyenyezi, ndipo mu 1474 anasindikiza ku Nuremberg ndandanda yolosera malo a dzuwa, mwezi ndi mapulaneti tsiku ndi tsiku kwa zaka pafupifupi 30, imene oyenda panyanja anaigwiritsa ntchito. Anamwalira ku Rome mu 1476.

Johannes Müller wina, wobadwira ku Koblenz mu 1801, ndi amene anamwino ndi madokotala amakumana naye m'kalasi. Mu 1830 anafotokoza timachubu tiwiri timene timapezeka mwa mluza aliyense, wamwamuna ndi wamkazi yemwe, m'masabata oyambirira a pakati. Mwa mwana wamkazi timachubuto timakula n'kukhala njira zodutsa mazira, chiberekero, khomo la chiberekero ndi mbali ya kumtunda ya njira ya abambo. Mwa mwana wamwamuna, machende amatulutsa homoni imene imatifotetsa. Homoni imeneyi imatchedwa AMH, ndipo M wa pakatiyo ndi Müller. Timachubuto tikapanda kulumikizana bwino, mayi amabadwa ndi chiberekero chogawikana pakati, zimene zimatha kuchititsa kupita padera mobwerezabwereza. Tikapanda kukula n'komwe, zimene zimachitikira mtsikana mmodzi mwa pafupifupi 4,500, mtsikanayo amamera mawere n'kukula bwinobwino koma sasamba. Banja likaona zotere lipite naye kuchipatala akamuunike, m'malo moganiza za kulodzedwa. Mwa amayi akuluakulu, kuyeza AMH m'magazi kumasonyeza kuchuluka kwa mazira otsala. Sikunena ngati mazirawo ali abwino, ndiye nambala yotsika yokha si chigamulo choti mayi sadzabereka. Müller yemweyu anaphunzitsa ku Berlin anthu amene anadzakhala mizati ya zachipatala, monga Rudolf Virchow, Theodor Schwann ndi Hermann von Helmholtz.

Fritz Müller, wobadwa mu 1822, anaphunzira udokotala koma anakana kulumbira lumbiro lokhala ndi mawu achipembedzo amene sankawakhulupirira, ndipo sanapatsidwe chilolezo. Mu 1852 anasamukira ku Blumenau, kumwera kwa Brazil, kumene anagwetsa mitengo, kulima ndi kuphunzitsa, kwinaku akulemberana makalata ndi Charles Darwin. Funso limene linamuvutitsa linali la agulugufe. Henry Bates anali atafotokoza kale mu 1862 chifukwa chake gulugufe wokoma amafanana ndi gulugufe wowawa: mbalame zimamusiya poganiza kuti ndi wowawa uja. Nanga mitundu iwiri yowawa yonse imafanana chifukwa chiyani? Yankho la Müller, mu 1878, linali loti mbalame sibadwa ikudziwa. Imaphunzira polawa, ndipo agulugufe ena ayenera kufa kuti phunzirolo lilowe. Tiyerekeze kuti mbalame za m'nkhalango ina zimafunika kupha agulugufe 1,200 a maonekedwe amodzi kuti ziwaleke. Mtundu wina uli ndi agulugufe 2,000, wina 10,000. Akakhala osiyana maonekedwe, mtundu uliwonse utaya 1,200, ndipo waung'onowo watsala pang'ono kutha. Akafanana, imfa 1,200 zija amagawana molingana ndi kuchuluka kwawo: waung'ono utaya 200, waukulu 1,000. Onse apindula, koma wochepayo wapindula koposa. Amenewa anali amodzi mwa mawerengero oyamba a masamu ofotokoza kusintha kwa zamoyo, ndipo ndi chifukwa chomwecho njuchi ndi mavu ambiri amavala mizere yachikasu ndi yakuda.

Mtedza wa makademiya umene umalimidwa ku Thyolo unalandira dzina lake kwa Müller winanso. Ferdinand von Mueller, wobadwira ku Rostock mu 1825, anapita ku Australia mu 1847 nakhala katswiri wa zomera wa boma la Victoria. Iye ndiye anatcha mtengowo Macadamia polemekeza mnzake John Macadam, ndipo analimbikira kutumiza mbewu za bulugamu kumayiko otentha. Walther Müller, ali wophunzira ku Kiel mu 1928, anakonza pamodzi ndi Hans Geiger kachubu ka mpweya kokhala ndi waya pakati, kamene kamalira kuti the! the! cheza choopsa chikadutsa. Erwin Müller ndi gulu lake anaona maatomu amodziamodzi koyamba mu 1955, ndipo Alex Müller wa ku Switzerland analandira mphoto ya Nobel mu 1987 pamodzi ndi Georg Bednorz atapeza zinthu zadothi zodutsa magetsi popanda chotchinga pa kuzizira kocheperako kuposa kale.

Paul Müller ndi khoma lopoperedwa

Mwa onsewa, amene ntchito yake inalowa m'nyumba za anthu a kuno ndi Paul Hermann Müller, wa ku Switzerland, wobadwira ku Olten mu 1899. Ankagwira ntchito kukampani ya Geigy ku Basel, ndipo mu 1935 anayamba kufunafuna mankhwala ophera tizilombo otchipa, okhalitsa, opha pongokhudza, koma osapha msanga munthu kapena mbewu. Ankapopera mankhwala m'bokosi lagalasi n'kuikamo ntchentche. Atayesa mitundu yoposa 300, mu 1939 anafika pa DDT. Mankhwalawa anali atapangidwa kale mu 1874 ndi Othmar Zeidler, koma palibe anadziwa ntchito yake. Chodabwitsa chinali choti bokosilo linkaphabe ntchentche patapita nthawi yaitali.

DDT amalowa kudzera m'miyendo ya kachilombo n'kusokoneza mitsempha: tizitseko timene timalowetsa mchere wa sodium mumtsempha timakhala chitsegukire, kachilombo kamanjenjemera mpaka kufa. Ku Naples, m'nyengo yozizira ya 1943 ndi 1944, anthu anathiridwa ufa wa DDT m'zovala kupha nsabwe, ndipo mliri wa typhus unaima. Mu 1948 Müller analandira mphoto ya Nobel ya zachipatala ngakhale sanali dokotala.

Pa malungo, nzeru yake ili pa khalidwe la udzudzu wa Anopheles. Ukayamwa magazi usiku umalemedwa, ndiye umatera pakhoma kuti upume. Khoma likapoperedwa magalamu 1 mpaka 2 a DDT pa mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, limapha kwa miyezi 6 kapena kuposa, makamaka khoma ladothi. Kupopera kotere sikutchinjiriza kwenikweni amene walumidwa kale usiku umenewo. Kumadula ulendo wa udzudzu usanakalume wina, n'chifukwa chake kumagwira ntchito pokhapokha nyumba zosachepera 8 mwa 10 za m'mudzi zitapoperedwa. Zolakwika zake n'zodziwika: anthu amazira kapena kupaka laimu khoma litangopoperedwa, ena amatseka zitseko chifukwa cha madontho oyera amene amatsala, opopera amathamanga n'kusiya kuseri kwa katundu, ndipo choipa koposa, mankhwala amapatutsidwa n'kukathiridwa m'munda kapena m'nkhokwe.

Kumundako ndi kumene DDT anaonongera mbiri yake. Sasungunuka m'madzi, amakakamira m'mafuta a thupi, ndipo amachuluka pamene chamoyo china chikudya chinzake, kuchoka ku tizilombo kupita ku nsomba mpaka ku mbalame zodya nsomba, zimene zinayamba kuikira mazira a zikhokho zopyapyala osweka pofungatira. Kuwathira paliponse kunachititsanso kuti udzudzu wopirira uchuluke. Rachel Carson anachenjeza za izi mu 1962, dziko la America linawaletsa paulimi mu 1972, ndipo pangano la ku Stockholm la mu 2001 linawasiyira khomo limodzi lokha, la kulimbana ndi tizilombo tofalitsa matenda. South Africa inasiya DDT mu 1996 n'kuyamba mankhwala a gulu la pyrethroid. Udzudzu wa Anopheles funestus wosamva mankhwala atsopanowo unabwerera, malungo anakwera kwambiri ku KwaZulu-Natal, ndipo mu 2000 DDT anabwezeretsedwa. Chaka chomwecho kupopera kunayambanso m'matauni a migodi a Chingola ndi Chililabombwe ku Zambia. Kuweruza Paul Müller ndi mbali imodzi yokha n'kulakwa: mankhwala omwewo anapulumutsa anthu ochuluka pakhoma la m'nyumba, naononga zambiri atamwazidwa m'minda ndi ndege.

Wa ana amasiye ndi wa mabuku a ku India

Akhristu ambiri amadziwa George Müller wa ku Bristol. Anabadwira ku Kroppenstedt ku Prussia mu 1805, ndipo ali ndi zaka 16 anatsekeredwa m'ndende chifukwa chothawa ngongole za malo ogona. Atatembenuka mtima anapita ku England, ndipo mu 1836 iye ndi mkazi wake anayamba kulandira atsikana amasiye m'nyumba ya lendi mumsewu wa Wilson. Pofika 1870 anali atamanga nyumba zisanu ku Ashley Down zokwana ana oposa 2,000, ndipo m'moyo wake wonse analera ana 10,024. Maulaliki amakonda kutchula zoti sankapempha ndalama kwa munthu, ankangopemphera. Mbali imene imasiyidwa ndi yoti sankakongola, ankalemba khobidi lililonse lolowa ndi lotuluka, ndipo chaka ndi chaka ankasindikiza lipoti loti aliyense aone. Oyendetsa malo osungira ana amasiye amene amatchula dzina lake ayenera kutengera mabuku akewo pamodzi ndi pemphero lake.

Max Müller, wa ku Dessau, anakhazikika ku Oxford nathera zaka 25, kuyambira 1849 mpaka 1874, akusindikiza Rig Veda, buku lakale la nyimbo zopatulika za Ahindu, m'Chisanskriti, kenako n'kuyang'anira mabuku 50 omasulira malemba opatulika a ku Asia. Ku India sanapondeko, komabe nyumba zophunzitsira Chijeremani kumeneko zimatchedwa Max Mueller Bhavan.

Dzina limodzi mbali zonse za nkhanza

Zaka za pakati pa 1919 ndi 1945 ndi zimene zimaonetsa poyera kuti dzinali silinena kanthu za mtima wa munthu. Pa 28 June 1919, Hermann Müller, nduna ya zakunja ya chipani cha SPD, anasaina pangano la Versailles pamodzi ndi Johannes Bell, ntchito imene andale ambiri anaithawa. Pangano limenelo linalanda Germany maiko onse amene inkalamulira kunja. Dziko la kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, kumene kunachokera asilikali amene anaukira Karonga mu September 1914, linapita m'manja mwa Britain n'kutchedwa Tanganyika, Rwanda ndi Burundi zinapita ku Belgium, ndipo kachigawo ka Kionga kanaphatikizidwa ku Mozambique. Müller anadzakhala mtsogoleri wa boma kawiri, mu 1920 ndiponso kuyambira 1928. Boma lake linagwa mu March 1930 zipani zitalephera kugwirizana za ndalama zothandizira anthu osowa ntchito, ndipo limenelo linali boma lomaliza lodalira mavoti ochuluka a nyumba ya malamulo Hitler asanatenge ulamuliro.

Heinrich Müller anali wapolisi wa ku Munich wodziwa kusaka achikomyunizimu. Anakwera mpaka kukhala mkulu wa Gestapo, apolisi achinsinsi a Hitler, kuyambira 1939, anakhala nawo pamsonkhano wa ku Wannsee pa 20 January 1942 umene unakonza za kupha Ayuda a ku Ulaya, ndipo anaoneka komaliza ku Berlin kumayambiriro kwa May 1945. Ludwig Müller anali mbusa amene chipani cha Nazi chinamukweza mu 1933 kuti aike mipingo ya Chipulotesitanti pansi pa Hitler. Nthawi yomweyo loya wachikatolika Josef Müller ankanyamula mauthenga achinsinsi a otsutsa Hitler kupita nawo ku Vatican. Anamangidwa mu 1943, anadutsa m'misasa ya Buchenwald, Flossenbürg ndi Dachau, napulumuka, nkhondo itatha n'kukhala wapampando woyamba wa chipani cha CSU.

Panalinso Filip Müller, Myuda wa ku Sereď ku Slovakia. Ayuda a m'maiko a Austria analamulidwa mu 1787 kutenga mayina okhazikika a Chijeremani, ndipo umo ndi mmene mayina ngati limeneli analowera m'mabanja ambiri achiyuda. Filip anatengedwa kupita ku Auschwitz mu April 1942 ali ndi zaka 20, nakakamizidwa kugwira ntchito yotentha mitembo ya anthu ophedwa ndi mpweya wapoizoni. Ogwira ntchito imeneyo ambiri ankaphedwa kuti pasakhale mboni. Iye anapulumuka, ndipo mu 1964 anaima m'khoti ku Frankfurt n'kunena zimene anaona.

Mabala a nthawiyo anafikanso kwa Herta Müller, wobadwa mu 1953 m'mudzi wa anthu olankhula Chijeremani ku Romania. Bambo ake anali m'gulu la asilikali a chipani cha Nazi la Waffen-SS, mayi ake anatengedwa mu 1945 kukagwira ntchito yakalavulagaga ku Soviet Union kwa zaka 5. Iye mwini anachotsedwa ntchito yomasulira pafakitale atakana kukhala kazitape wa apolisi achinsinsi a Ceaușescu, wolamulira Romania nthawiyo, anasamukira ku West Germany mu 1987, ndipo mu 2009 analandira mphoto ya Nobel ya zolembalemba.

Gerd, Thomas, ndi Gerd winanso

Gerd Müller anabadwira ku Nördlingen mu 1945 ndipo anayamba ndi ntchito ya m'fakitale yoomba nsalu. Anali wamfupi, wa ntchafu zikuluzikulu, wotembenuka msanga pamalo opanikizika. Zigoli zake zambiri sizinali zokongola: mpira wogunda bondo, wokankha ali chigwere, wotola pamene goloboyi wautaya. Koma anamwetsa 365 m'masewero 427 a Bundesliga, ligi yaikulu ya ku Germany, ndi 68 m'masewero 62 a dziko lake. Chigoli chimene chinapatsa West Germany chikho mu 1974, pogonjetsa Netherlands 2-1, chikuonetsa luso lake lonse: mpira unamupitirira kumbuyo, anabwerera phazi limodzi, natembenuka, naumenya chapansipansi kukona. Zigoli 40 za mu ligi ya 1971-72 zinakhala zosapitirika mpaka Robert Lewandowski atafika 41 mu 2021. Za zigoli 85 zimene Gerd anamwetsa m'chaka cha 1972, a ku Zambia ali ndi mawu: Lionel Messi atazipitirira mu 2012, bungwe la mpira la Zambia linanena kuti Godfrey Chitalu wa Kabwe Warriors anamwetsa 107 m'chaka chomwecho cha 1972, ndipo FIFA inayankha kuti siisunga kaundula wa masewero a m'maiko, choncho singatsimikize za aliyense. Atasiya mpira Gerd anavutika ndi mowa, anzake akale a ku Bayern anamuthandiza kulandira chithandizo n'kumupatsa ntchito yophunzitsa achinyamata, ndipo mmodzi mwa anyamata amene anadutsa m'manja mwake anali Thomas Müller. Gerd anamwalira pa 15 August 2021 atadwala matenda oiwalaiwala. Thomas, wobadwa mu 1989, anatsogola pa zigoli pa chikho cha 2010 natenga chikhocho mu 2014. Gerd Müller amene anabwera ku Malawi ndi ku Zambia mu January 2019 ndi wina, nduna ya zachitukuko ya Germany kuyambira 2013 mpaka 2021.

Kusiyanitsa Müller ndi Müller mnzake

Ajeremani eni ake amavutika nazo, ndipo njira yawo yakale ndi kulumikiza malo ku dzina. Hermann Müller, mtsogoleri wa boma uja, ankatchedwa Müller-Franken. Hermann Müller wina, wa chigawo cha Thurgau, amene mu 1882 anakwatitsa mitundu iwiri ya mphesa, anasiya dzina la Müller-Thurgau pa mabotolo a vinyo. Lamulo la ukwati nalonso lasintha: kuyambira 1976 banja likhoza kutenga dzina la mkazi, kuyambira 1994 aliyense akhoza kusunga lake, ndipo kuyambira May 2025 onse awiri ndi ana awo akhoza kukhala ndi dzina lophatikiza.

Wofufuza za Müller wina, kaya mmishonale wakale, kaya kholo, kaya wolemba buku, ayambe ndi malo ndi chaka chobadwa, chifukwa Germany ilibe kaundula mmodzi wa dziko lonse. Kuyambira 1876 kubadwa, ukwati ndi imfa zimalembedwa ku ofesi yotchedwa Standesamt ya malo amene zachitikira. Zolembazo zimatsegukira aliyense pakatha zaka 110 pa kubadwa, 80 pa ukwati ndi 30 pa imfa. Zisanakwane zakazo amapatsa achibale enieni okha kapena amene ali ndi chifukwa chovomerezeka ndi lamulo. Za m'mbuyo mwa 1876 zili m'mabuku a mipingo, ndiye muyenera kudziwa ngati banjalo linali lachikatolika kapena lachipulotesitanti. Mabuku ambiri achikatolika ali pa intaneti, patsamba la Matricula kwaulere, achipulotesitanti ali patsamba la Archion molipira. Malo nawonso amapusitsa: Königsberg wa Regiomontanus ndi katauni ka ku Bavaria, osati mzinda wa kunyanja ya Baltic umene lero ndi Kaliningrad.

Dzina loyamba ndi msampha wina. Anyamata ambiri ankabatizidwa Johann, koma n'kumaitanidwa ndi dzina lachiwiri. Fritz wa agulugufe anali Johann Friedrich Theodor, George wa ku Bristol anali Johann Georg Ferdinand. Mukafufuza Johann Müller yekha mupeza anthu osawerengeka. Akazi m'mabuku akale amalembedwa Müllerin.

Timadontho tija timasokonezanso makompyuta. Pamizere iwiri ya pansi pa pasipoti ya Germany, ü amalembedwa UE, choncho Müller amakhala MUELLER, ndipo tikiti ya ndege kapena fomu yotumizira ndalama iyenera kutsata kalembedwe kameneko. Kungochotsa timadontho n'kulemba Muller kumatha kubweza ndalama kapena kuchedwetsa munthu pabwalo la ndege, popeza Muller ndi kalembedwe kena kokhazikika ku France, ku Netherlands ndi ku South Africa. M'madikishonale ü amaikidwa pamodzi ndi u, koma m'ndandanda za mayina amawerengedwa ngati ue, ndiye mufufuze malo onse awiri. M'zolemba zamanja zakale, zotchedwa Kurrent, u wamba ankakhala ndi kauta pamwamba, ndipo diso losazolowera limakaona ngati timadontho.

Pomaliza yang'anitsitsani danga limene mawuwo alembedwa. M'buku la ubatizo mbusa ankalemba dzina la bambo kenako ntchito yake, nthawi zina popanda chopumira pakati. Mzere woti Hans Weber Müller ukhoza kutanthauza Hans Weber amene ndi wogaya, ndipo patsamba lomwelo mupeza Peter Müller amene ntchito yake ndi kuomba nsalu. Njira yotsimikizira ndi kupeza bambo yemweyo pa ubatizo wa mwana wina ndi pa ukwati wake, n'kuona kuti ndi mawu ati amene akubwera pamalo a dzina nthawi zonse.